Nkhunda za pakhomo limene tinagula ku Lirangwe

Ku Chileka tinkakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, kumene amuna anga ankanyamula katundu. Ndege ikamatera, mbale zinkalira m'kabati. Eni nyumba atakwezanso lendi, tinagwada n'kupempha Ambuye kuti atipatse pathupathu, kaya ndi kutali. Posakhalitsa mnzawo wa kuntchito anawanong'oneza kuti ku Lirangwe kuli nyumba ya njerwa zootcha, yofolera malata, yotsika mtengo modabwitsa.

Wogulitsa anali tcheyamani wa chipani m'deralo, bambo wonenepa, woseka msanga. Anati nyumbayo inali ya mlongo wake amene anatsatira banja ku Halale. Ndinaona kuti chitseko n'chatsopano koma felemu yake ndi yopserera mbali imodzi. Iye anati ndi ana, ankasewera ndi moto. Sindinafunsenso. Munthu ukapemphera n'kuyankhidwa, sufufuza yankholo kunsi kwake.

Tinasamuka chimanga chili m'maondo. Amuna anga ankagona kwa mnzawo ku Chileka n'kumabwera Loweruka, ine n'kumatsala ndi mwana wakhanda. Kuseri kwa nyumba kunali khola la nkhunda lopanda kanthu. Tsiku lina ndikuchapa matewera ndinamva mapiko, ndipo nditatukula maso ndinaona khola ladzaza. Madzulo ake tcheyamani anafika akupukuta thukuta.

"Zabwerera kuno? Mbalame zopanda ulemu izi, amayi. Ndinazitengera kwathu, ndazidyetsa mapira anga, koma ayi. Zisiyeni zikhale, koma ndi zanga. Maunda ndizidzatenga ndekha."

Kuyambira pamenepo ankabwera kawirikawiri. Ankapisa dzanja m'khola kufuna maunda, maso ali pazenera langa.

Anansi sankabwera kudzapala moto kapena kupempha mchere. Ndikafika pachitsime nkhani zinkaduka. Anandiuza zoona ndi mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, tikusesa m'tchalitchi, maso ali patsache.

"Mlongo wake uti? Eni nyumbayo ankapemphera kuja kokana kugula khadi la chipani. Anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anawafikira masana dzuwa likuswa mtengo. Mwamuna anamutenga pa galimoto. Mkazi sitikudziwa. Ine sindinakuuzeni kanthu."

Ndinauza amuna anga Loweruka. Iwo anati, "Tikabweza nyumbayi adzatifunsa chifukwa. Ukayankha chiyani?" Sabata imeneyo ndinatsegula Malemba, ndipo maso anga anagwera pa nkhani ya munda wamphesa uja mfumu inalanda mwini wake ataphedwa. Ndinatseka msanga.

Nthawi yokolola kunafika mlendo, dzuwa lili paliwombo. Anali mayi wowonda, wa msinkhu wanga, atasenza dengu lophimba ndi chitenje ngati wogulitsa masamba. Anapempha madzi. Ndikumutungira, anayang'ana kukhola n'kuliza kamluzu kotsika, kawiri. Nkhunda zonse zinatsika n'kumuzungulira mapazi. Ina ya mutu woyera inatera padengu lake.

Pamenepo ndinazindikira kuti ndi mwini nyumba uja, ndipo ndinabwerera m'mbuyo.

"Musaope, achemwali," anatero. "Sindinabwerere nyumba. Ndikuwoloka malire, kuli anzathu kumeneko. Ndimati ndione ngati zilipo. Anaziweta ndi bambo a ana anga."

"Ali kuti iwowo?"

"Akudziwa ndi Mulungu."

Ndinamulowetsa m'khitchini, ndinamupatsa mbatata zophika. Ankadya atayang'ana khoma limene anazira yekha ndi manja ake. Ndinatuluka, n'kugwira ya mutu woyera ija ndi inzake yaikazi, ndi kuziika m'dengu mwake. Ndinati tizithothole nthenga za m'mapiko, monga timachitira ndi nkhunda zopita pakhomo lachilendo kuti zisathawe zisanazolowere. Anakana.

"Zingamve kuwawa panjira. Ndikazithothola ndikafika. Dengu ili silitsegulidwa ndisanafike, pokhapokha atanditsegulira ena."

Anadzera njira ya kumunda, osati ya kumsewu.

M'mawa mwake tcheyamani anabwera ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Anaima pakhola nthawi yaitali.

"Amayi, ya mutu woyera ija ili kuti?"

"Nkhunda zimauluka, bambo."

"Zimauluka, eetu. Anyamata, mwamva? Amayiwa akutiphunzitsa za mbalame." Anyamatawo anaseka. "Dzulo anthu anaona dengu likuyenda m'chimanga. Mukudziwa kuti womwetsa madzi munthu woukira nayenso ndi woukira? Malata awa amasasuka msanga, amayi. Ndiponso ku bwalo la ndege salemba ntchito anthu okayikitsa. Ngati yangouluka, ibwera. Ndidzaiona Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi. Ikapanda kupezeka, tikakambirana ku ofesi pamodzi ndi bambo."

Masiku otsatirawo ndinasowa pemphero. Ndikagwada kuti ndinene kuti Ambuye, bwezani mbalame ija, ndinkaona manja achilendo akuvundukula dengu pamsewu. Ndikati ndinene kuti Ambuye, mufikitseni mayi uja, ndinkaona denga langa lili pansi, mwana ali kumsana, amuna anga ali m'galimoto. Ndinkangoti, "Inu mukudziwa," n'kudzuka maondo atachita dzanzi. Amuna anga atabwera ndinawafotokozera zonse. Sanandikalipire. Anatenga makhadi athu a chipani n'kuwaika pathebulo poonekera, ndipo anamanga zovala za mwana m'kathumba.

Lamulungu m'tchalitchi sindinamve ulaliki. Pobwerera tinapeza tcheyamani atakhala kale pakhonde pathu, chipewa chili pabondo, anyamata ake atatsamira mtengo wa mango. Tinazungulira naye kuseri.

Inali padenga la khola, ikudzikonza nthenga. Mutu woyera. Inali yokha, yaikazi ija panalibe, ndipo kuphiko lina kunali magazi ouma.

"Aa, si iyi!" anatero tcheyamani akuseka. "Ndinakuuzani, amayi, za pano sizipita patali. Zonse zimabwerera m'manja mwathu." Anapisa dzanja m'khola, natenga maunda awiri, n'kutsanzika mwaulemu.

Amuna anga anapumira m'mwamba nati, "Ambuye ngabwino." Ine ndinavomera kuti ngabwino, pakuti ngabwinodi. Koma ndinakumbukira nkhunda ya m'chingalawa, imene inabwerera chifukwa inasowa popondetsa phazi lake, madzi ali ponseponse.

Nyumbayo tinakhalamo, ana athu anakuliramo. Felemu yopserera ija ndinakaniza kuisintha. Mayi uja sindinamuonenso, ndipo palibe amene ndikanamufunsa. Ya mutu woyera inakhala zaka zingapo osatenganso inzake. Madzulo ndikamwaza gaga, zina zonse zinkatsika kudzadya, iyo n'kutsala padenga, itayang'ana njira ya kumunda.