Filimu ya Chikondi mu Wodi ya Chifuwa Chachikulu

Chifuwa chinayamba kumapeto kwa Febuluwale, mvula ili mkati. Ndinkaganiza kuti ndi utsi wa nkhuni, chifukwa ine ndi amuna anga, a Lyson, tinali ndi malo odyera pafupi ndi chipata cha malire kuno ku Mwanza, ndipo wophika ndinali ine. Ambiri odya kwathu anali madalaivala a mathiraki odikirira mapepala a katundu. Ndinagula mapiritsi pa gulosale, ndinamwa madzi a mandimu, koma chifuwacho sichinasinthe. Pofika pakati pa Malichi ndinkadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, chakudya sichinkalowa, ndipo masiketi anga anayamba kugwa m'chiuno.

Ndinazengereza kupita kuchipatala milungu isanu ndi umodzi. Tsiku limene ndinalavula makhololo a magazi kuseri kwa khitchini, a Lyson anaona. Sananditengere kuchipatala. Anaitana wakabaza, n'kutitumiza ine ndi mwana wathu Tadala, wa zaka zisanu ndi zinayi, kwa amayi anga ku Kanduku, akuti ndikapume. Patangotha masiku anayi, mayi wina wogulitsa matimati pafupi ndi malo athu anandiimbira foni. Anati pamoto panga pakuphika mkazi wina, ndipo akugona m'nyumba mwanga. Anatinso a Lyson akuuza madalaivala kuti adye mosaopa, chifukwa wodwala matenda osachira uja anamuchotsa kale.

Amayi ndi amene ananditengera kuchipatala cha paboma, Lolemba m'mawa. Tinakhala pabenchi mpaka masana. Anandiyeza sikelo, anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, anandijambula pachifuwa, ananditenganso magazi. Lachitatu zotsatira zinatuluka: chifuwa chachikulu, TB. Magazi anali ochepa m'thupi ndipo sindinkatha kuyenda ndekha kuchokera pabenchi kufika pakhomo, choncho anandigoneka. Dokotala anati, "Matendawa amachira, mayi. Koma mukanabwera mwezi watha, sitikanakugonekani." Tadala anamuyezanso, ndipo anapezeka kuti alibe matendawa.

Ndinakhala mu wodi masiku khumi ndi asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera ndi mankhwala tisanadye kanthu, n'kuima pomwepo mpaka titameza. Mawindo ankakhala otsekula ngakhale kuzizire. Mkodzo unasanduka wofiirira, ndipo nditachita mantha anamwino anati ndi mankhwalawo, si magazi. Dokotala akadutsa, amayi akabweretsa phala kuchokera kumene odikirira odwala amaphikira, kotsalako kunali kudikira basi. Masana ankatalika kwambiri.

Bedi loyandikana ndi langa linali la mayi Gondwe, mphunzitsi wa ku sekondale wochokera ku Rumphi. M'foni mwawo munali filimu imodzi yokha, ya ku Mangalande. Ankaitsamiritsa foniyo pa botolo la madzi, ife n'kuyandikira, iwo n'kumatimasulira m'Chichewa. Tinaionera katatu.

Nkhani yake inali ya mwamuna wina wamanyazi, wokonza njinga m'katauni kamene mvula siinkatha. Anali pa chibwenzi ndi mayi woweta njuchi, koma kutatsala mlungu umodzi kuti akwatirane anachita mantha, anasiya kalata pakhomo n'kuthawa. Patapita chaka anabwerera kudzapepesa, ndipo filimu yonse inali ya kupepesa kolephereka. Akati ayankhule, chibwibwi. Atabweretsa keke, galu anadya. Atabisala kuseri kwa ming'oma, njuchi zinamuluma mpaka anakagwera m'dziwe. Pamapeto mayiyo anangoseka, anamulowetsa m'nyumba n'kumuthirira tiyi. Palibe amene anakalipa, palibe amene anamenya mnzake.

Mayi Gondwe ankaikonda kwambiri. Ankati ubwino wake ndi wakuti munthu walakwa koma palibe amene wawonongeka, ndipo pa tiyi paja ankapukuta misozi ulendo uliwonse. Chisomo, mtsikana wa bedi la pakona, anati mwamunayo ndi wooneka bwino, iye akanamukhululukira tsiku loyamba lomwe. Mayi Rozariya, amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mtsikana, sanakhutire. Anati, "Anthuwa alibe abale? Ukwati wathawidwa, ankhoswe osaoneka, aliyense akungomwa tiyi. Kwathu amalume ake akanafika kale." Anamwino wina anaima pang'ono n'kuonera nafe, anangoti filimu imene yaseketsa wodi yonse ndi yabwino, ngakhale kusekako kukuthera m'kutsokomola.

Ine sindinaseke. Atandifunsa maganizo anga, ndinati filimuyo ndi yabodza. Ndinati sanationetse chaka chimene mayiyo anakhala yekha, akuyenda pamsika anthu akumuloza. Anangotionetsa mwamuna akugwa m'madzi kuti timumvere chisoni. Ndinati ndikanakhala ine, ndikanamusiya panja pamvulapo, ndikanatsekulanso ming'oma yotsalayo.

"Mkwiyo umenewo ukuchedwetsani kuchira, mayi a Tadala," anatero mayi Gondwe.

"Asiyeni," anayankha mayi Rozariya. "Ngati ukuwathandiza kumeza mankhwala, ausunge."

Ndinausungadi. Mapiritsiwo anali aakulu, ankandichititsa nseru, ndipo mawondo ankaphwanya. Masiku ena ndinkalakalaka kuwabisa pansi pa pilo. Koma ndikakumbukira mawu akuti matenda osachira, ndinkameza. A Lyson sanabwere ku wodi ngakhale tsiku limodzi. Anamwino anandiuza kuti onse amene ndinkakhala nawo nyumba imodzi ayenera kuyezedwa, ndipo ndinawatumizira uthenga pafoni. Anayankha kuti iwo sakudwala, ndisamawavutitse.

Ananditulutsa kumayambiriro kwa Meyi. Ndinabwerera ku Kanduku, ndipo ndinkapita kuboma kukatenga mankhwala pa masiku amene anandilembera, osaphonya ngakhale limodzi. Patatha miyezi iwiri anayezanso makhololo, ndipo tizilombo sitinaoneke. Anandichenjeza kuti ndisasiye mankhwala chifukwa chomva bwino. Thupi linayamba kubwerera, ndinayambanso kutunga madzi ndekha ndi kukwera chitunda cha kumunda osapumira panjira. Mu Okutobala, nditamaliza miyezi isanu ndi umodzi, anandiyeza komaliza n'kundilembera m'buku kuti ndachira.

Mu Novembala ndinabwerera kumalire. Amalume anga anandimangira kashedi tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi malo a a Lyson. Malowo ndinasankha dala. Buku la kuchipatala ndinkaliika m'thumba la epuloni, ndipo aliyense wokayikira ndinkamutsegulira tsamba lolembedwa kuti ndachira. Madalaivala ankadziwa kale nkhuku yanga ndi mpunga wanga. Mmodzimmodzi anayamba kuwoloka msewu, ndipo ndinkayala mabenchi poonekera kuti a Lyson aziwawerenga.

Mu Disembala a Lyson anabwera ndi nkhoswe yawo kwa amalume. Anati anachita mantha, sankadziwa kuti matendawa amachira, ndipo mkazi winayo anali wongothandiza ntchito. Ankachita chibwibwi, chipewa chili m'manja, ndendende mwamuna wa mu filimu uja. Ndinawalola kuti amalize. Kenaka ndinauza ankhoswe kuti banja latha, ndipo ndinanyamuka iwo akali pampando. Nditawauza mayi Gondwe pafoni, anangofunsa ngati ndikudya mokwanira.

Mu Januwale ndinamva chifuwa kuchokera tsidya la msewu. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa, ndinakhala nacho. A Lyson anayamba kuonda, malaya akulendewera m'mapewa, ndipo ankazembera kuseri kwa khitchini kukalavula. Ndiyenera kunena zoona pano: ndinakhala chete milungu itatu. Ndinkaphika, ndikumamvetsera, ndipo mumtima mwanga munalibe chisoni. Ndinkafuna kuti alawe zimene ndinalawa.

Chimene chinandidzutsa ndi Tadala. Loweruka lililonse ankapita kukacheza kwa bambo ake, ndipo tsiku lina anabwera akunena kuti adadi anamugawira fanta m'botolo limene ankamwera, ali m'kachipinda kotseka mawindo. Lolemba masana, nthawi imene anthu amadya, ndinawoloka msewu. Ndikanatha kuwaitanira pambali, koma sindinafune. Ndinaima pakhomo, pamaso pa madalaivala amene anatsala nawo, n'kunena mokweza kuti, "Bambo a Tadala, chifuwa chimenecho ndi TB. Pitani kuchipatala mawa. Musaope, matendawa amachira. Ndipo mwana wanga asabwerenso kuno mpaka mutayamba mankhwala." Anthu anasiya kudya. Mawa lake a Lyson anapita kuchipatala, ndipo anawapezadi ndi matendawa. Mkazi uja anayezedwanso. Tadala ndinakamuyezetsa kachiwiri, ndipo mwamwayi analibe.

Lero ndili bwino. Ndimadzuka m'mamawa, ndimanyamula ndekha ndowa za madzi, ndipo chifuwa sichinabwererenso. A Lyson ali pa mankhwala, ndimawaona akudutsa ndi buku lawo. Sindinawakhululukire, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero. Chimene ndimanong'oneza nacho bondo ndi milungu itatu imene ndinakhala chete, chifukwa mkwiyo wanga ukanadwalitsa mwana wanga.

Kwa inu amene mukutsokomola, chifuwa chikapitirira milungu iwiri, pitani mukayezetse makhololo. Musadikire kuti muone magazi ngati ine. Mukapatsidwa mankhwala, mumalize onse, kaya mukumeza chifukwa cha chikondi kaya chifukwa cha mkwiyo. Ndipo mukamva chifuwa chotere kwa munthu wina, muuzeni tsiku lomwelo, ngakhale akhale munthu amene simufuna kumupatsa moni.