Ukonde panjira ya kuchimbudzi

Amayi atabwerako ku Lichinga ndi bala la opaleshoni pamimba, namwino wina wa ku Metangula anabwera kudzaona nyumba yathu. Anayenda kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, n'kupeza ukonde umene ndinkasoka uli chiyalire panjirapo.

"Uwu uchoke, achimwene. Amayi akakodwa n'kugwa, bala litseguka."

"Ndamva," ndinatero, ndikuupinda mokwiya. Sukulu ndinasiya chifukwa chotopa ndi anthu ondiuza zochita, ndiye wina adzandilamulenso pakhomo pathu? Njinga yake yamoto itangokhota, ndinauyalanso pomwepo. Pamenepo ndi pamene pali mthunzi wa mango, ndipo ine sindinafune kukapsa ndi dzuwa kumchenga.

Masana ndinapita kuseri kukamwa madzi, ndipo ndinamva kukuwa. Ndinapeza ndodo ya amayi italowa mu ukonde, iwo atakumbatira mtengo, dzanja lina lili pamimba. Ndinawakhazika pansi. Atakweza bulauzi, pabandeji panali magazi.

Ndinawaberekera kuchipatala. Namwino yemwe uja anamatula bandejiyo pang'onopang'ono. Ulusi unali utaduka pamalo amodzi okha. Akusokanso, anandiyang'ana.

"Ukonde uja munauchotsa?"

"Kalekale. Ndi mbuzi inawadutsa m'miyendo."

Mbuzi tilibe. Ngakhale oyandikana nafe alibe.

"N'zoona, mayi?" anafunsa namwinoyo.

Amayi anali ataluma mano, thukuta lili kamukamu. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Eya, mwanangu. Inali mbuzi."