Tsiku Limene Chimphepo Anakumba Manda

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene magetsi ankangothimathima, ndinapatsidwa mpando umene sindinaupemphe. Tinkakhala ku Area 4, kuseri kwa magalaja, koma Loweruka lililonse masana ndinkayenda wapansi kupita ku Area 9, kwa Chawanangwa, mnzanga wa m'kalasi. Bambo ake ankagwira ntchito m'boma, ndipo pochokera ku ulendo wakunja anam'bweretsera masewero achilendo: chibuku cha Chingerezi ndi kathumba ka madayisi, timiyala togubuduza tolembedwa manambala, ena a mbali zisanu ndi imodzi, ena a mbali makumi awiri, owala ngati maswiti.

Kaseweredwe kake kanali kotere. Aliyense ankakhala ndi munthu wake wongopeka, wokhala ndi dzina, mphamvu, nzeru ndi zida. Mmodzi ankayendetsa nthano, kufotokoza dziko ndi zoopsa zake. Enawo ankanena zimene anthu awo akufuna kuchita, kenako n'kugubuduza dayisi kuti aone ngati zatheka. Woyendetsa woyamba anali msuweni wa Chawanangwa. Iye atapita kusekondale yogonera komweko, anzanga anati mpando ukhale wanga, poti kusukulu ndinkatchuka ndi bodza lokoma.

Mpandowo ndinaupeza uli ndi minga, ndipo munga wake unali Chimphepo, msilikali wa Chawanangwa. Msuweni uja, pofuna kusangalatsa mwana wa eni nyumba, anam'patsa lupanga lamoto, chovala chachitsulo chosabooka ndi hatchi yosatopa. Ndikabweretsa achifwamba, Chimphepo ankawamaliza ena asanatole n'komwe dayisi. Njoka ya mitu itatu imene ndinaiganizira sabata yonse inafa ndisanamalize kufotokoza maso ake. Mnzathu Tadala, amene munthu wake anali sing'anga wodziwa zitsamba ndi kulankhula, anayamba kumangoyasamula. Mnzathu wina, Yamikani, amene munthu wake anali kambava, ankabwerera magwafa a pabwalo basi.

Tsiku lina tikubwerera kwathu, Yamikani anandiuza mosabisa. "Iwe Tiyanjane, ungomupha ameneyo. Ugubuduze dayisi kuseri kwa buku, unene kuti chimwala chamugwera. Apo ayi, ife tasiya kubwera." Tadala anangoyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti akugwirizana naye. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa masewero amenewo ndinkawakonda kuposa china chilichonse. Koma kubera sindinafune. Ndinali wabodza pofotokoza, osati pa dayisi. Mbali inayo, Chawanangwa anali atandichenjeza kale kuti ndisaiwale mwini madayisi ndi khonde limene tinkakhalapo.

M'kati mwa sabata imeneyo ndinaperekeza amayi kumudzi, cha ku Mitundu. Dalaivala wa minibasi ankathamanga ngati waba galimotoyo, wailesi ili pamwamba. Mwadzidzidzi anachepetsa liwiro n'kuzimitsa nyimbo. Pamsewu panali masamba aawisi oyalidwa mopingasa. Bambo wina anatsika panjinga, navula chipewa, n'kumaikankha. Amayi anandinong'oneza kuti, "Pali maliro. Pamasamba aliyense amafatsa, mwanangu, ngakhale bwana wa chigalimoto." Ine chimene chinandibwerera si chisoni, koma nzeru ya pa Chimphepo.

Loweruka litafika, ndinakhala pampando wanga n'kuyamba. "Mukuyandikira mudzi. Pamsewu ayala masamba. Chapatali mukumva amayi akuimba motsitsa mawu." Tadala ndi Yamikani sanachedwe, anati anthu awo avula zipewa ndipo akuyenda pang'onopang'ono. Chawanangwa anaseka. "Chimphepo satsika pahatchi. Ndikudutsa pa liwiro!" Mwambowo ankaudziwa bwino, kwawo ku Rumphi amachitanso chimodzimodzi. Iye ankangoganiza kuti m'masewero mulibe anthu, muli zinthu zofunika kupha. Ndinam'funsanso ngati watsimikiza. Anati watsimikiza.

M'mudzimo palibe anam'ponyera mkondo Chimphepo. Ndinangofotokoza kuti nyimbo inaduka, ndipo amayi onse anatembenuka kumuyang'ana fumbi la hatchi likuwagwera m'zitenje. Pachitsime anam'bisira chidebe. Moni wake palibe anayankha. Ndipo munthu yekhayo wodziwa njira ya kuphiri kumene ankapita anali mchimwene wa malemuyo.

"Ndiwapha onse!" anatero Chawanangwa.

"Uwaphe," ndinayankha. "Alibe ndi mpeni womwe, ndiye dayisi siikufunika. Ungotiuza uyambira ndani: mayi wamasiyeyo kapena kamwana kali kumsanako?"

 Dayisi inali m'manja mwa Chawanangwa koma sanaiponye. Apo Tadala, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, anakhala tsonga. Anati sing'anga wake akupita kukagwada kwa adzukulu, amene amakumba manda, kukapepesa m'malo mwa mlendoyo. Anagubuduza dayisi ndipo inagwa bwino. Ndinati adzukulu avomera, koma pali mfundo imodzi: kumanda akumana ndi thanthwe, alephera kuyambira m'mawa. Mlendoyo avule zitsulo zake, agwire khasu, mlandu uthe.

Chawanangwa anaimirira nkhope itasintha. "Ngwazi yanga siikumba manda! Zimenezi mulibe m'buku!" Anasesera madayisi onse m'kathumba. "Upepese, apo ayi usadzapondenso pano."

Nanenso ndinaimirira n'kumuyankha. "Sindipepesa. Buku ndi lako, madayisi ndi ako, koma mudziwo ndi wanga, ndipo kumeneko amayala masamba." Ndinatuluka pageti mutu uli m'mwamba. Misozi ndinakaigwetsera pakona, pamene sakanandiona. Ndinali wokwiya, ndiponso ndinkaopa kuti masewero athera pomwepo.

Koma sanathe. Loweruka lotsatira tinakhala panjerwa kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa fungo la oilo ndi phokoso la okhoma zitsulo. Ndinatola zitsekerero za mabotolo, n'kulemba manambala m'kati mwake, n'kuziika m'chitini cha majarini. Munthu ankakhutchumula chitinicho n'kutola chimodzi osayang'ana. Tadala ndi Yamikani anasewera mpaka amayi anachita kutibalalitsa. Koma mudzi uja sindinauchotse m'nthano. Ndinati maliro akadali m'nyumba, chifukwa manda sanakumbidwe.

Patapita masabata angapo, tinangoona Chawanangwa watulukira, nsapato zake zoyera zitafiira ndi fumbi. Sanapepese, inenso sindinapepese. Anakhala panjerwa, nayang'ana chitini chathu monyansidwa, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Khasulo lili kuti?" Madayisi anali m'thumba mwake, ndinkawamva akulira, koma anapisa dzanja m'chitini ngati wina aliyense. Chimphepo anavula zitsulo, nalowa m'dzenje, ndipo thanthwe limene linagonjetsa amuna a mudzi wonse linasweka ngati chigumu. Nditanena kuti mchimwene wa malemu wam'gwira dzanja ndi manja awiri, Chawanangwa anamwetulira kuposa tsiku limene anapha njoka ya mitu itatu. Mphamvu za Chimphepo sindinachotseko ngakhale imodzi.

Mpaka lero ndimayendetsa masewero amenewa, tsopano ndi anzanga a kuntchito ku City Centre. Achinyamata akandidandaulira kuti wina pagulu lawo wakula mphamvu, ndimawauza kuti asamudule miyendo ndipo asamubere. Vuto si lupanga lake, vuto ndi dziko lopanda anthu, mmene chilichonse chimatha ndi lupanga. Mumuike pakati pa anthu amene ali ndi maliro, njala ndi ulemu wawo, ndipo mphamvu zake zipeza ntchito. Ndimawauzanso kuti mwini madayisi si mwini nthano, ndipo zimenezi ndimazinena mokweza.

Chawanangwa pano amakhala ku Area 10, ndipo tikakumana amandikumbutsabe kuti sindinapepese. Ndimamuyankha kuti sindidzapepesa. Amayi atamwalira, tinakawaika ku Mitundu. Ndili pamphasa ndi amayi anzanga, ndinaona chigalimoto chikuima patali, masamba chisanawafike. Munatsika bambo wa taye, Chawanangwa yemwe uja, navula jekete, napinda manja a shati. Kwa ine sanabwere kaye. Analunjika kumene kunali adzukulu, ndipo ngakhale sindinamve mawu ake, ndinadziwa chimene ankafunsa.