Ulendo Wopanda Maliro

A Rhoda, amene pamudzi pawo kuseri kwa Nsaru amawatchula kuti Nambewe, anali atakwerapo galimoto kambirimbiri, koma ulendo uliwonse unali ndi mwini wake. Anakwerapo lole kupita ku maliro ku Kasiya, ataimirira, atafungatira mphika wophikira anamfedwa. Anakwerapo ambulansi poperekeza mayi awo, mutu wa odwala uli pamiyendo pawo. Zipani zitangoyamba kuchuluka, anakwerapo malole atatu a zipani zitatu kukavina ku misonkhano, n'kubwerako mawu atasasa. Pa maulendo onsewo ankakumbukira misana ya anthu ndi zigongono. Msewu sanauonepo.

Anabadwa oyamba mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anasiyira sitandade folo, chaka chimene mayi awo anabereka chitsirizira, Yunisi, n'kuyamba kudwaladwala. Yunisi anakulira pamsana pa a Rhoda, ndipo mano ake oyamba anamerera pa phewa lawo. Atakwatiwa ndi a Overton, mkamwini wochokera kwa Kabudula, pa ntchito zapakhomo panawonjezekera fodya: kuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kusankha. Dzina lolembedwa pa mabelo linali la a Overton. Zala zakuda ndi utomoni zinali za a Rhoda.

Ukwati wa Yunisi utatha, iye anapeza ntchito ya m'nyumba ku dziko la Aluya, mumzinda wina womangidwa pakati pa chipululu. Ana ake awiri anangofika kwa a Rhoda ndi zovala m'jumbo. Palibe amene anafunsa ngati pali malo. Anakhala zaka zinayi.

M'zaka zimenezo, pafupifupi Lachisanu lililonse, pa foni ya a Overton pankabwera chithunzi. Yunisi ataima pambali pa galimoto yoyera, yaitali, kumbuyo kwake kuli mapiri a mchenga okhaokha, ofiirira, osalala ngati milu ya ufa wa mgaiwa. Panalibe mtengo, panalibe munda, ngakhale nkhuku.

"Kuno Lachisanu lili ngati Lamulungu, achemwali," Yunisi anafotokoza tsiku lina pa foni. "Abwana amahaya galimoto yaikulu, timatuluka mumzinda kukaona mchenga."

"Kuli abale awo kumeneko?"

"Kulibe munthu."

"Nanga mumakatengako chiyani?"

"Palibe. Timangopita, madzulo n'kubwerera."

Mawu amenewo anakhazikika mwa a Rhoda ngati madzi olowa m'dothi louma. Ankati akamatsika ku dambo m'mawa, makeni awiri othirira m'manja, maso ankaona bango koma mtima unali ku mchenga uja. Ankaganiza za dziko lopanda udzu woti upalire, lopanda nkhuni zoti utole, dziko losakupempha kanthu. Ankadziona ali pawindo, mphepo ikulowa m'makutu, mapiri ofewa aja akubwera limodzi limodzi n'kumatsalira m'mbuyo. Nthawi zina ankadzidzimuka madzi atatha kalekale, iwo akupendeketsabe keni youma pamwamba pa mbande.

Sanauze munthu, kupatula kamodzi kokha pa foni, a Overton atapita kuseri.

"Iwe Yunisi, ukadzabwera udzandikweze galimoto. Tsiku limodzi lokha. Ndidzakhale kutsogolo, ndisananyamule kanthu, kopita kusakhale maliro."

Yunisi anabwera mu Okutobala, ataonda, akulankhula motsitsa mawu ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Sabata yachiwiri anapita pa Nsaru n'kukagwirizana ndi a Frackson, amene ankayendetsa kagalimoto konyamula anthu, kuti Lachisanu adzakhale awo kuyambira m'mawa mpaka faifi koloko.

Tsikulo a Rhoda anasamba ana asanapite kusukulu, navala diresi la kutchalitchi. A Overton anaima pakhomo akuyang'ana makeni ngati zinthu zachilendo.

"Ndiye nazale idzithirira yokha?"

"Alamu, makeniwa alembedwa dzina la munthu?" anafunsa Yunisi. "Fodya ndi wanu uja. Lero mukaone kumene amamwera."

"Mwabwerako ndi pakamwa kwa Aluya kuja, eti."

"Pakamwa ndinapita napo. Kumeneko ndinangopasunga bwino."

A Overton anatola makeni, akung'ung'udza, nalowera ku dambo.

Kenaka galimoto inafika, ikukoka fumbi, n'kuima pakhomo penipeni. Apa ndi pamene awiriwa anaiwala chinthu chimodzi. M'mudzi muja galimoto ya hayala imaima pakhomo pa munthu pa zifukwa ziwiri: kudzatenga amene sangathe kuyenda, kapena kudzatula amene sadzayendanso. Injini isanazime, amayi anayamba kutuluka m'makomo, akumanga zitenje, nkhope atakonzeratu. Patsogolo panali Lucia, msuweni wa a Rhoda.

"Ndani?" ananong'ona.

"Palibe, Lucia."

"Musabise, Nambewe. Alamu ndawaona akulowera ku dambo ndi makeni, ndadziwiratu kuti zinthu sizili bwino."

"Tikupita koyenda basi."

"Kuti?"

A Rhoda anayang'ana Yunisi. Yunisi anayang'ana a Frackson.

"Kulikonse," anatero a Rhoda, mwamanyazi.

Lucia anasinkhasinkha pang'ono. Kenaka anatembenukira anzake aja.

"Musalire, anthuni. Kulibe maliro. Galimotoyi ilibe kopita."

Khasu likangokhala pakhomo osagwira ntchito limabwerekedwa. Posakhalitsa panafika matumba atatu a chimanga opita ku chigayo. Panafika batire yokatchajitsa, ndi tambala woti akasiyidwe kwa mphunzitsi pa Nsaru. Pomaliza Lucia anabwera akukankha njinga, atakwezapo azakhali ake amene mwendo unali utatupa sabata yathunthu.

"Si inu mwati kulikonse? Chipatala cha kwa Kabudula n'kulikonsenso."

Aliyense ankalankhula ndi a Rhoda, chifukwa onse ankadziwa kuti m'kamwa mwawo simunatulukepo mawu akuti ayi.

"Achemwali, galimotoyi ndi yanu," anatero Yunisi chapansipansi.

"Nanga mwendowu tiupinde?" anayankha a Rhoda.

Mwendo wotupa unkafuna malo otambasukira, choncho azakhali aja anakhala kutsogolo. A Rhoda anakhala kumbuyo, pakati pa Yunisi ndi Lucia, batire ili kumapazi, tambala ali pamiyendo. Chimene ankaona chinali duku la azakhali.

Ku chigayo anapeza magetsi atazima. Atayaka, kunapezeka kuti eni chimanga onse atsala kumudzi, choncho a Rhoda anakwinya diresi la kutchalitchi n'kugwirira matumba kukamwa kwa chigayo, limodzi limodzi. Kuchipatala Lucia anati athamangire kaye pamsika kukagula mchere, ndipo amene anakhala pa benchi ndi odwala, kuwagwira mkono polowa kwa adokotala ndi kuima pa mzere wa mankhwala anali a Rhoda. Dzuwa linafika paliwombo, n'kupendeka. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango. A Rhoda ankayang'ana mthunzi wa khonde ukusuntha pa simenti, ndipo ankaona tsiku lawo likutha ngati madzi a mu mtsuko wong'aluka.

Anafika kumudzi fili koloko itadutsa. Anatsitsa ufa, batire ndi azakhali. A Frackson anayang'ana wotchi ya pa foni.

"Kwatsala maola osakwana awiri, amayi. Faifi koloko ndili ndi aphunzitsi ondidikira."

Asanamalize, Lucia anatulukiranso, kumbuyo kwake kuli amayi ena awiri, wina atasenza dengu la tomato.

"Nambewe, ndinaiwala. Abambo a kunyumba anasiya malata atatu pa Nsaru paja. N'pafupi pompa. Inu mungokhala, tipita tokha."

A Rhoda anali ataima pafupi ndi chitseko cha kutsogolo. Anachigwira. Chinali chotentha ngati chiwaya, koma sanachotse dzanja. Ufa unali m'nsidze mwawo ndi m'mizere ya m'khosi. Anafunafuna mawu aja akuti ayi, koma lilime silinawadziwe. Linapeza ena.

"Malata sawola, Lucia."

"Mwati bwanji?"

"Sawola. Mawa ngolo ilipo."

"Koma abale. Ndiye mukangowotcha mafuta m'tchiremu? Zimenezi ndi za kwa Aluya, kuno n'kunyada."

"Kaya ndi kunyada," anatero a Rhoda. Anatsegula chitseko n'kukhala. A Frackson anawasonyeza momangira lamba. Yunisi analowa kumbuyo msangamsanga n'kutseka, amayi a tomato asanafike.

Pa mphambano ya kunja kwa mudzi a Frackson anaima.

"Kumanja kapena kumanzere, amayi?"

A Rhoda anayang'ana njira zonse ziwiri. Funso lotere anali asanafunsidwepo.

"Uku kumapita kuti?"

"Amati kumatulukira cha ku Nambuma, koma ine njirayo sindinaidutsepo."

"Komweko."

Galasi la kutsogolo linali lalikulu kuposa mmene ankaganizira. Dziko lonse linalowa nthawi imodzi: minda yofiira, zigafa za fodya zopanda kanthu, mabulugamu ataima mzere, thambo loyererako ndi utsi wa tchire. Poyamba maso awo ankagwirabe ntchito. Mizere iyo yakhota, mvula idzaidula. Denga ilo likufuna udzu. Mbuzi iyo yamasuka, ikalowa m'dimba la eni. Anaona mayi wina atasenza nkhuni, khosi lawo linauma ngati mtolowo uli pamutu pawo.

"Achemwali," anatero Yunisi kumbuyo. "Mchenga uja ine sindinauone bwino."

"Iwe, zithunzi zonse zija?"

"Popita ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, ndi mikeka ndi mapoto, mwana wa abwana ali pamiyendo. Tikafika ndiyale, ndiphike tiyi, ndithamangitse ana asapite kutali, nditsuke makapu. Chithunzi ndinkajambula akandituma madzi ku galimoto. Loweruka lonse linali lokuntha mchenga m'mikeka."

"Nanga unkanditumiziranji?"

"Mukanafuna chithunzi cha makapu?"

A Rhoda anaseka pang'ono, osatembenuka. Kenaka anapititsa dzanja kumbuyo, pakati pa mipando, n'kupeza bondo la mng'ono wawo.

"Sendera pawindo. Uone."

Yunisi anasendera, natsitsa galasi.

Midzi inayamba kutalikirana. Msewu unatsikira m'dambo lalikulu lomwe moto unali utadutsa, lakuda mpaka kumene maso amalekezera, msipu wanthete ukutuluka m'phulusa. Kunalibe munthu. Kamvuluvulu anadzuka chapatali, nayenda yekha mwaulemu ngati mayi wamtali wopita ku ukwati, kenaka n'kusungunuka. Patsogolo, pamwamba pa msewu, pankanyezimira madzi amene ankathawa galimoto ikamayandikira. A Rhoda anawayang'anitsitsa. Anali madzi oyamba m'moyo wawo amene sanafunike kutungidwa.

Sanadziwe nthawi imene maso awo analeka kufunafuna zokonza. Mitengo inangokhala mitengo. Akakowa oyera ananyamuka pamodzi m'mbali mwa ng'ombe, natembenuka, dzuwa n'kuwapaka golide kumimba. Mphepo yofunda inkalowa m'manja mwa diresi, ikuchotsa ufa pang'onopang'ono. Zala zawo, zimene zinali zopindika nthawi zonse ngati zagwira chigwiriro cha keni, zinatambasuka zokha. Dambo lakuda lija linayamba kufiira, n'kufewa, n'kutukuka milu milu, ndipo galimoto inkakwera ndi kutsika mopanda phokoso, ngati bwato.

Mawu a a Frackson anamveka kutali, ngati ochokera pansi pa chitsime.

"Agona amayiwa. Tiwadzutse? Phiri ilo akuliphonya."

"Asiyeni," anatero Yunisi.

"Nthawinso yakwana yoti titembenuke."

"Pali potembenukira posagwedeza?"

"Kutsogoloko mwina. Pano pali mabampu."

"Ndiye kutsogolo komweko. Muziyenda pang'onopang'ono."

A Rhoda anamva zonsezo. Anafuna kunena kuti sakugona, akuona, koma pakamwa panalemera. Wina anatsitsa wailesi. Mutu wawo unapendekera pa lamba, ndipo galimoto inapitirira.