Nkhope ya Pazenera la Chipatala

Anthu a mumsewumo ankawatchula kuti a Tasekani, chifukwa ndiwo mawu amene ankanena asanadine batani la kamera. Situdiyo yawo inali kachipinda kuseri kwa telala: nsalu ya buluu pakhoma, mpando wa mwendo womanga ndi waya, ndi duwa lapulasitiki limene linagwiridwapo ndi akwati osawerengeka. Pa ntchito anali ouma mutu. Chithunzi chikatuluka mwachimbuuzi ankaching'amba mwini wake akuona.

Akazi awo atadwala chifuwa choopsa chopatsirana, anagonekedwa m'chipinda chapamwamba cha chipatala, choletsedwa kulowamo alendo. A Tasekani ankaima pansi, poimika magalimoto, mayi n'kubwera pazenera, n'kumalankhulana pafoni. Koma nkhope sinkaoneka. Kankangooneka kadontho kovala mpango.

Tsiku lina anapita kushopu ya makamera. Mwini shopu, mayi wodziwana nawo kuyambira kale, anaika pakauntala kachitsulo kozungulira kokhala ndi galasi pakati.

"Iyi ndi telekonveta, bambo. Mumaiika pakati pa kamera ndi lenzi yanu yomweyo, chakutali chimasendera pafupi. Koma imadya kuwala, ndiye chithunzi sichituluka chakuthwa. Lenzi yaitali ndiyo imajambula mpaka nsidze, koma ndiyenera kuchita kuitanitsa. Mwina mwezi wamawa."

"Ine zachimbuuzi sindijambula," anatero a Tasekani, n'kutembenuka. Atafika pakhomo anaima. Anakumbukira mmene akazi awo anatsokomolera m'mawa umenewo, mpaka moni kuwakanika kumaliza. Anabwerera n'kutenga kachitsuloko.

Masana omwewo analoza kamera kuzenera kuja. Galasi la zenera linkathwanima ndi dzuwa, komabe nkhope inabwera. Masaya anali atalowa, khosi litatsala ngati la mwana.

"Mukundiona tsopano?" anafunsa mayi pafoni.

"Bwinobwino. Mwanenepatu inu."

"Mabodza omwewa munandifunsira nawo mbeta," anaseka mayi, kusekako n'kusanduka chifuwa.

A Tasekani ankabwera tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. M'mawa wina pazenera panaima namwino. Anawayang'ana kanthawi, kenako anawakodola kuti azungulire kukhomo lalikulu.

Maliro a akazi awo atatha, situdiyo sinachedwe kutsekedwa. Telala anaikamo mipukutu ya nsalu, ndipo a Tasekani anakakhala kwa mwana wawo wamkazi, amene pa nthawi ya matendayo anali kutali ndi ntchito. Lamlungu lina mwanayo anapeza kamera m'chikwama, n'kukhala pafupi ndi bambo ake pakhonde, akuona zithunzi chimodzichimodzi pa kagalasi ka kumbuyo. Pachimodzi mayi anali atakweza dzanja, kukamwa kuli yasa.

"Ababa, apa ankati chiyani?"

A Tasekani anasendeza kamera pafupi ndi maso, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Ankandikalipira," anatero. "Ankati ndabwera ndi malaya osasita."