Aanti Nong'ona ndi pemphero la Kachiwala

Asanatchedwe Aanti Nong'ona anali mphunzitsi wa mawu amphamvu. Akayambitsa nyimbo pa asembule, ngakhale ana obisala kuseri kwa thanki ya madzi ankatuluka n'kuthamangira pamzere. Ku tchalitchi chimene chinamanga sukuluyo ndiwo ankatsogolera kwaya. Amuna awo, okonza mafiriji, ankauza anzawo kuti kwawo safuna wotchi yodzutsa anthu, popeza mayi akangotsokomola, mpaka oyandikana nawo nyumba amadzuka.

Kenaka pakhosi panatuluka chotupa. Madokotala anachichotsa, moyo unatsala, koma mawu anapita nacho limodzi. Chomwe chinatsala ndi kamawu kosasa, kotsika, koti munthu amve mpaka asendere pafupi. Anayesa kubwerera m'kalasi, koma ana aang'ono sadziwa chifundo cha mtundu umenewo. Iwo akuti atsegule pakamwa, phokoso linali litafika kale kudenga. Teremu isanathe anapita kwa ahedi kukatsanzika.

Ahedi anawamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta magalasi ndi tayi.

"Madamu, okalipira ana pano alipo ambiri, ine ndemwe ndili m'gulumo," anatero. "Amene tikusowa ndi wowamvera. Kachipinda kaja ka pafupi ndi laibulale tichotsamo madesiki othyoka. Mpingo ukutumizani kumaphunziro a uphungu. Mukabwerako, n'kanu."

Kunyumba analira. Ankaona ngati awaponya m'kachipinda ka zinthu zothyoka chifukwa nawonso anali atathyoka. Amuna awo anawasiya alire, kenaka anawabweretsera tiyi n'kunena kuti, "Zaka zonsezi umalankhula ndiwe. Tisiyeko nafe tilankhule." Mayiwo anawaponyera pilo, koma anaseka.

M'kachipindamo anayalamo kapeti yakale yochokera ku ofesi ya abusa. Anaikamo mipando iwiri yaifupi, chitini cha makrayoni oduka, zidole zosowa mikono, ketulo, ndi kamtanda kathabwa pamwamba pa chitseko. Zenera linkayang'ana kubwalo la mpira. Ana ndiwo anawapatsa dzina lija, ndipo sanalikane. Anazindikira msanga kuti munthu ukamanong'ona, mwana naye amanong'ona, ndipo zimene mwana sanganene mokweza amazinena motsitsa. Ankabwera amene makolo awo akulekana, amene amakodza pogona n'kumasekedwa, ena ongofuna malo opanda phokoso kwa kanthawi. Nthawi zambiri vuto la mwana linkapezeka lili ndi mchira wofika kunyumba, choncho Aanti anazolowera kuvala nsapato zafulati n'kumautsata mchirawo akaweruka.

Tsiku lina m'mawa, mphunzitsi wa kalasi lachitatu anagogoda, atagwira dzanja la kamtsikana kowonda miyendo. Aanti ankakadziwa. Anzake ankakatcha Kachiwala, chifukwa sikankayenda ngati anthu, kankangodumphadumpha. Koma tsikulo kanaima chilili, maso pansi.

"Aanti, ine ndalephera," anatero mphunzitsiyo. Anali mtsikana woyamba kumene ntchito, ndipo zinkaoneka kuti nkhaniyi yamusowetsa mtendere. "Sakufuna kupemphera. Ndikati titseke maso, iye maso tong'o, zala m'makutu. Dzulo pa asembule abusa atangoti tipemphere, wathawira kuchimbudzi. Ndamufunsa, sakuyankha. Mwana amene ankalimbirana kupempherera chakudya uyu!"

"Musiyeni kuno," ananong'ona Aanti. "Mwachita bwino kubwera naye."

Sanamufunse kanthu. Anamukankhira chitini cha makrayoni, iwo n'kuyamba kusokera kachidole mkono. Kachiwala sanajambule. Anangosanja makrayoniwo kuyambira aatali mpaka aafupi, n'kuwasokoneza, n'kuyambiranso. Belu litalira anatuluka osatsanzika. Mawa lake anabwera yekha pa nthawi yopuma. Masiku angapo anapita chomwecho, ndipo Aanti, amene kale sankatha kukhala chete ngakhale pamaliro, anadikira.

Ku ofesi anamva kuti mlongo wake wa Kachiwala, khanda la miyezi yowerengeka, ali m'chipatala ndi chibayo, ndipo mayi ake akugona komweko. Anaganiza kuti mwina mwanayo wakwiyira Mulungu, monga amachitira akuluakulu zinthu zikavuta. Sizinali choncho.

Masana ena Kachiwala, osadzutsa mutu, anafunsa monong'ona, "Aanti, pemphero ungathe kulibweza?"

"Kulibweza bwanji, mwanangu?"

"Ngati wanena kale. Ndiye ukufuna Mulungu aliyiwale."

Aanti anaika singano pansi. "Ndi pemphero liti limenelo?"

Mwanayo anayamba kulira asanayankhe. Mawu ankatuluka oduladula. Khanda lija linkangolira nthawi zonse. Amayi anasiya kumuluka tsitsi. Tsiku lina anagwetsa chivindikiro cha poto, khanda linadzuka, amayi anamukalipira kwambiri. Iye anakalowa kubafa, anagwada bwinobwino, anatseka maso, n'kupemphera kuti Mulungu amutenge mwanayo amubweze kumene anachokera. Sipanapite nthawi, khanda linayamba kutsokomola.

"Abusa anati Mulungu amamva pemphero lililonse, makamaka la ana," anatero akupukuta mamina ndi mkono. "Ndiye wamva. Ndikapempheranso mwina ndilakwitsa china, ndiye amwaliriratu. Pakamwa panga m'poipa, Aanti."

Aanti anamuyang'anitsitsa. Kamwana kotere, kusenza mtembo wa munthu amene sanamwalire n'komwe! Anafuna kunena msanga kuti ayi, si choncho, koma ankadziwa kuti mawu othamanga mwana sawakhulupirira. Anasendeza mpando mpaka mawondo awo anagundana ndi a mwanayo.

"Ndikufunse. Unapempherapo kuti mayeso a masamu asalembedwe?"

Kachiwala anawayang'ana modabwa. "Eya. Kawirikawiri."

"Nanga analembedwa?"

"Analembedwa. Ndinalakwa ambiri."

"Ine ndinapempherapo kuti mvula igwe pamunda pathu pokha, pa oyandikana nafe ayi, chifukwa mbuzi yawo inadya zovala zanga. Inagwa ponseponse."

Pakamwa pa mwanayo panagwedezeka, koma kuseka sikunafike. Aanti anamuuza kuti Mulungu amamvadi, koma amamva ngati kholo, lomwe limadziwa kusiyanitsa mawu a mkwiyo ndi zimene mtima ukufuna. Kachiwala anagwedeza mutu mwaulemu. Aanti anaona kuti mawuwo angofika pakhomo, sanalowe m'nyumba. Amene akanatha kuwalowetsa si iwo.

"Nkhaniyi bambo ako akuyenera kuimva."

"Ayi! Andithamangitsa."

"Sindikawauza iwe usakudziwa. Tipite tonse. Ukalephera kunena, ndinena ndine, iwe utandigwira dzanja. Ukafuna ndisiye, undifinye."

Mwanayo anaganiza kwa nthawi yaitali, kenaka anavomera.

Ataweruka anayenda limodzi mpaka kumsewu wa amisiri. Bambo a Kachiwala anali owotcherera zitsulo. Shedi yawo inali ya malata, kutsogolo kutatsamira mageti osapenta ndi mafelemu a mawindo, pansi pali tizidutswa ta waya. Anawapeza atawerama pa geti, moto ukuthetheka. Atavula chigalasi chakuda kumaso, maso awo anali ofiira, a munthu amene akugawa tsiku lake pakati pa ntchito ndi chipatala. Kuona mwana wawo ali ndi munthu wa kusukulu, nkhope inagwa.

"Walakwanso chiyani?"

"Sanalakwe, bambo. Tingakhale pansi?"

Bambowo anazimitsa makina kuti amve kamawu kaja. Anapatsa Aanti mpando wokhawo umene unalipo, iwo n'kukhala pa chidebe chovundikira. Kachiwala sanathe kuyamba, choncho Aanti anafotokoza, kadzanja kotuluka thukuta kali m'dzanja lawo. Sikanafinye.

Bambowo anayang'ana magolovesi awo. Kenaka anagwira kumutu.

"Mayo ine. Masiku onsewa? Ife timati ndi mwana, tisamuopseze. Akafunsa timangoti ali bwino, ali bwino. Azakhali ake tinawauza kuti asamuuze kanthu."

"Munachita mwachikondi," ananong'ona Aanti. "Koma mwana ukapanda kumuuza, amadzipangira nkhani yakeyake, ndipo m'nkhanimo wolakwa amakhala iyeyo."

Bambowo anavula magolovesi, n'kugwada pa simenti yakudayo kuti maso awo alingane ndi a mwana.

"Tabwera kuno, iwe. Tamvera. Mlongo wako wadwala chibayo. Ndi tizilombo timene timalowa m'chifuwa. Wodi yonse ija yadzaza ana a matenda omwewo. Onsewo unawapempherera ndiwe?"

Kachiwala anapukusa mutu.

"Ndiye bwanji ukufuna kuba ntchito ya tizilombo?"

Apo mwanayo anadziponya pachifuwa pa bambo ake, yunifolomu yonse n'kuda ndi mwaye wa ovolosi. Analira kulira kwenikweni tsopano, kotsegula pakamwa, mpaka wokonza matayala wa shedi yoyandikana anasuzumira n'kubwerera mwakachetechete. Bambowo anatulutsa foni ndi dzanja limodzi, anaimbira akazi awo, n'kuwafotokozera mwachidule. Kenaka anakweza mawu a foniyo kuti onse amve.

Kunamveka phokoso la m'wodi, kenaka mawu otopa a mayi, amene ankaoneka kuti akulimbana ndi misozi ndi kuseka nthawi imodzi.

"Mwana wanga, ukundimva? Mulungu akanamayankha zonse zimene munthu amanena atakwiya, bambo akowo bwenzi pano ali bulu. Ndinawapempherera kangapo."

"Iwe, pali alendo pano!" anatero bambowo.

"Amve. Nawonso ali pabanja, akudziwa. Tamvera, mwanangu. Mlongo wako amuchotsa kachubu ka m'mphuno lero m'mawa. Wayamwa mpaka wandiluma. Adokotala akuti akapitiriza chonchi titulutsidwa posachedwa. Ndipo za chivindikiro zija, ndinakukalipira chifukwa cha tulo, osati chifukwa sindikukufuna. Tsitsi limenelo ndikudzaliluka ndekha, azakhali ako asaliyambe, amakoka ngati akuzula udzu."

Asananyamuke Aanti anapempha bambowo zinthu ziwiri: kuti tsiku lililonse azimuuza mwanayo zoona zake za mlongo wake, zabwino ndi zovuta zomwe, m'mawu oti angamve, komanso kuti apite naye kuchipatala. Ana saloledwa m'wodi, koma zenera liripo. Loweruka lake mayi ananyamula khandalo n'kuliimika pagalasi, ndipo Kachiwala anabwera Lolemba akusimba kuti lamuyasamulira.

Panatsala abusa. Aanti anawapeza mu ofesi yawo akudya nthochi, ndipo anawafotokozera osatchula mwana. Abusa anasiya kutafuna.

"Mawu anga omwe aja? Ine ndimati ndikuwalimbikitsa."

"Ambiri analimbikitsidwa. Mmodzi anaopa."

"Ndiye mmodziyo ndi amene ndimulalikire," anatero, akupukuta manja.

Pa asembule yotsatira anafunsa ana kuti ndani anapemphapo mayi ake kuti amupatse mpeni wakuthwa woseweretsa. Manja anakwera ambiri. Nanga anakupatsani? Ana anakuwa kuti ayi. Abusa anati Mulungu nayenso ndi wotero: amamva zonse, ngakhale zimene timanena titapsa mtima, koma sapereka chovulaza, ndipo sadabwa ndi mkwiyo wa mwana. Atati tipemphere, Aanti, amene anaima kumbuyo pafupi ndi mphunzitsi wa kalasi lachitatu uja, anasuzumira pamzere. Kachiwala anali atatseka diso limodzi. Linalo linkayang'anabe uku ndi uku, ngati mlonda wosakhulupirira kuti akuba apitadi. Mphunzitsiyo anafuna kupita kukamukonza, koma Aanti anamugwira mkono.

"Limodzi likwanira lero."

Patapita milungu ingapo, pa nthawi yoweruka, mlonda wa pageti anabwera kudzawauza kuti pali mayi akuwafuna. Anapeza mayi wamfupi, wamaso oseka, khanda lili m'manja, masaya atayamba kubwerera. Kachiwala ankadumpha mowazungulira, mutu uli ndi mizere yatsopano yolukidwa bwino.

"Ndinu Aanti aja? Ndabwera kuti mumuone munthu amene anatisowetsa tulo tonsefe."

Anawapatsa khandalo. Linali lolemera kuposa mmene linkaonekera, lofunda, lonunkhira sopo ndi mkaka. Linawayang'anitsitsa, kenaka linagwira ndolo yawo n'kukoka ndi mphamvu zake zonse.

"Musiye Aanti, iwe!" anakuwa Kachiwala, akumasula tizala timodzitimodzi. "Amatero ameneyu, Aanti. Dzulo wandikoka mphuno. Ndi wovuta kwabasi."

"Wachira ndiye," anatero mayi aja. "Tiyeni, basi itisiya."

Kachiwala analanda chikwama cha matewera n'kuchikoleka paphewa pamwamba pa cha mabuku, ndipo anatsogola, akuuza mayi ake kuti ayende pang'onopang'ono pamene pali dzenje.