Kompyuta ya Ba Mwansa m'mwezi wa Okutobala

Kampani ya boma imene ndinkagwirako ntchito itagulitsidwa, ndinakhala pakhomo miyezi yambiri. Mkazi wanga anali atangomwalira kumene. Ba Tembo, mkulu wa mpingo wathu ku Kabwata, ndiwo anandiitana kukagwira ntchito m'shopu yawo yokonza makompyuta pafupi ndi City Market. Manja anga ankadziwa mawailesi okha.

Anandiphunzitsa kuthamangitsa purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yoganiza m'kompyuta, kuti kapitirire liwiro la ku fakitale. Umalowa mu bayosi, mmene mumasungidwa malamulo oyambira a kompyuta, n'kukweza liwiro pang'ono, n'kuyatsanso. Kenako umaipatsa ntchito yolemera kwa maola angapo uku ukuyang'ana kutentha kwake. Volteji, mphamvu ya magetsi opita ku purosesa, sindinkaikhudza popanda iwo. "Pang'onopang'ono, Ba Zulu," ankatero. "Si minibasi iyi."

Mu Juni kunabwera Ba Mwansa a ku Chelstone, ojambula mavidiyo a maukwati. Kompyuta yawo inkachedwa, ndipo ntchitoyo inapatsidwa kwa ine. Ndinakweza liwiro katatu, ndinaiyesa m'mawa wonse bokosi lili lotsegula, ndipo sinavute.

Mu Okutobala Ba Mwansa anaimba foni masana.

"Ba Zulu, bwelani manje! Yazima, yakana kuyaka. Ukwati wa mwana wa abusa uli mukati!"

"Nanga tepi?"

"Tepi ninajambulilapo kale ukwati wina!"

Ndinakwera basi nthawi yomweyo. Ndinkadziwa kuti liwiro likapitirira malire, hadi disiki, mosungira zonse za m'kompyuta, imatha kulemba zosokonekera, zinthu n'kutayika. Ukwati sabwereza. Ndinapemphera njira yonse, koma mawu ake sindiwakumbukira.

Chipinda chawo chinali cha malata, chopanda siling'i, mawindo otseka poopa fumbi. Kompyuta inali itavala nsalu yoluka imene akazi awo anaiphimba nayo kuti izioneka bwino. Nditagwira bokosi ndinachotsa dzanja msanga. Apo m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga: ndinaiyesa m'nyengo yozizira, ine nditavala juzi.

Ndinazula pulagi. Ndinamasula hadi disiki n'kuiika pambali, Ba Mwansa ali chiimire kumbuyo kwanga. Fani inali itatsekeka ndi fumbi, ndipo pesiti wa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira anali atauma ngati dothi. Ndinapukuta, ndinapaka watsopano, ndinachotsa kabatire ka pa bodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta kuti bayosi ibwerere pa liwiro la ku fakitale. Kenako ndinabwezera hadi disiki ndi masikuluwu.

Nditayatsa, panadutsa kanthawi kopanda kanthu. Kenako inalira kamodzi, zilembo n'kuoneka. Tinatsegula vidiyo ija. Malumbiro analipo, kuvina kunalipo, koma gawo limene mayi a mkwatibwi ankalangiza mwana wawo linakana kutseguka. Tinayesa njira zonse, osatheka.

Ba Mwansa anakhala pansi. "Manje nizabauza cani?"

"Ndikawauza ndine," ndinatero. Ndinapitadi kwa mayi a mkwatibwi tsiku lotsatira. Mayiwo anandimvetsera mpaka kumapeto, sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Kuyambira pamenepo, munthu akafuna liwiro ndimayamba ndafunsa kumene kompyuta imakhala, ndiponso ngati zimene zili m'katimo zili ndi kope lina. Ndimaiyesa masana, bokosi lili lotseka. Ikapambana mayesowo, ndimatsitsabe liwiro sitepe imodzi ndisanaipereke. Ena amadandaula kuti ndine wamantha, ndipo sindiwatsutsa.